Mitengo iwiri m'chigubu chimodzi

Ndakhala m'nyumba za lendi mumzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo aliyense amene anakhalapo pa lendi akudziwa kuti kudzala mtengo pabwalo la eni ake n'kudzalira anthu ena. Ku Chilobwe ndinasiya mitengo iwiri ya mapapaya itangoyamba kuchita maluwa, ndipo ku Ndirande ndinasiya mtengo wa mapeyala umene lero uyenera kuti ukudyetsa banja limene sindikulidziwa n'komwe. Choncho titasamukira ku Chirimba, kumene tikukhala panopa, ndinatsimikiza mtima kuti mtengo wotsatira ukhale woti tsiku losamuka ndidzaukweze pa lole pamodzi ndi mabedi ndi mapoto. Ndinasankha mandimu chifukwa pakhomo pathu sasowa ntchito. Timathira m'phala la ana, timafinyira pa nsomba yootcha, ndipo chimfine chikalowa m'nyumba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, madzi otentha a mandimu ndi jinja ndiwo amayamba kufika pa tebulo. Amene anagulako mandimu pamsika m'nthawi ya mliri wa Covid-19 akukumbukiranso mmene anadulira.

Mbandeyo ndinaigula kwa bambo wina wogulitsa mbande za zipatso m'mphepete mwa msewu. Inali m'chubu chakuda cha pulasitiki, yotalika kupitirira pang'ono bondo langa, ya masamba osakwana 20. Bamboyo anandiuza kuti ndi mtundu wa Eureka, ndipo anabwereza kawiri kuti ndi wokwatitsa, n'chifukwa chake ankaugulitsa mokwera kusiyana ndi mbande zina zimene zinali pambali pake. Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu wodziwa, koma kunena zoona mawu akuti wokwatitsa ndinawatenga ngati mawu otsatsira malonda basi. Sindinafunse kuti wakwatitsidwa ndi chiyani, kapenanso kuti ukwatiwo uli pati pa kamtengoko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula langa ndinalidya patangopita miyezi yochepa.

Ndinadzala mtengowo m'chigubu cha malita 20 chimene poyamba munali mafuta ophikira. Ndinachidula kumutu, kuchitsuka ndi sopo mpaka mafuta onse atachoka, kenako ndinaika msomali waukulu pa mbaula mpaka utafiira n'kuboola mabowo 10 pansi pake. Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza khonde lonse, koma ntchito imeneyi siyofunika kuichita mwaulesi, chifukwa mizu ya mandimu imadana kwambiri ndi kukhala m'madzi. Dothi ndinasakaniza ndekha: magawo awiri a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la manyowa a ng'ombe owolerana bwino, aja osanunkhanso, ofumbutuka m'manja. Katondo yekha sathandiza m'chigubu, pakuti akanyowa amamata ndipo akauma amalimba ngati njerwa. Chigubucho ndinachikhazika pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Chinthu chimodzi ndinachita bwino mwangozi chabe: sindinakwirire tsinde mopitirira pamene dothi linkalekezera m'chubu muja. Kufunika kwa zimenezi ndinadzakudziwa pambuyo pake.

Mvula itayamba kugwa bwino mu Disembala, pa tsinde, pafupifupi zala zinayi kuchokera pa dothi, panatuluka kamphukira kobiriwira. Sabata yoyamba kanali ngati kambewu ka mpunga, yachiwiri kanafanana ndi chala changa, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale inali nthambi yeniyeni, yowongoka ngati bango, yonenepa, ya masamba onyezimira ndi minga zazitali zakuthwa. Inadutsa pakati pa nthambi zakale n'kukaonekera pamwamba pa mtengo wonse. Ine ndinasangalala kwabasi. Ndinaganiza kuti manyowa anga agwira ntchito, ndinaijambula n'kutumiza chithunzi kwa abale anga pa WhatsApp, ndipo mchemwali wanga wa ku Zomba anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino. Zoti nthambi zakale zija zinali zitasiya kukula, ndiponso kuti masamba ake anali atayamba kutuwa, ndinaziona ndithu, koma ndinadziuza kuti n'chizolowezi cha mtengo kuti nthambi zatsopano zizipitirira zakale.

Amene anandigalamutsa ndi bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene pa unyamata wawo analimapo fodya ku Kasungu ndipo pambuyo pake anagwira ntchito yosamala minda ya maluwa ndi zipatso. Tsiku lina m'mawa anabwera kudzabwereka wilibala, ndipo poyembekezera kuti mwana awatulutsire, anaima pafupi ndi chigubu chija n'kuyang'anitsitsa kwa kanthawi osanena kanthu.

"Mayi, mtengowu munauthena liti?" anafunsa motero.

Ndinaseka n'kuwayankha kuti, "Bambo, kodi mandimu nawonso amathena ngati fodya kapena tomato?"

Iwo sanaseke. Ananjuta pansi, anatola kaudzu, n'kuloza pa tsinde pamwamba pang'ono pa pamene nthambi yanga yokondedwa ija inatulukira. "Tagwirani apa," anatero. Nditagwira ndinamva kamfundo, ngati chipsera cha bala lakale, ndipo ndinaona kuti pamenepo tsinde linakhota pang'ono lisanapitirire m'mwamba. Khungwa la m'munsi mwa mfundoyo linali losiyanako maonekedwe ndi la pamwamba. "Kuchokera apa kupita kumwamba ndi mtengo umene munagula. Kuchokera apa kupita pansi ndi wantchito wake. Nthambi mukuinyadirayi ndi ya wantchito, si yanu ayi."

Mawu amenewo anandichititsa kufunsa ndi kuwerenga zambiri za kukwatitsa mitengo, kumene ena amati kumezanitsa, ndipo zimene ndinapeza n'zosavuta kumva. Munthu wa nazale amayamba wafesa njere za mtundu wolimba, wa mizu yamphamvu, wopirira chilala ndi matenda ena a m'nthaka. Mbandeyo ikanenepa kufika ngati pensulo, iye amacheka khungwa lake mofanana ndi chilembo cha T, n'kulowetsamo kadiso kamodzi kokha kamene wadula pa nthambi ya mtengo wabwino wobereka kale, kenako amamanga ndi kapulasitiki. Kadisoko kakagwira, amadula mutu wa mbande ija pamwamba pake kuti mphamvu yonse ipite ku kadisoko, ndipo kameneko ndi kamene kamakula n'kukhala thunthu ndi nthambi zonse za mtengo umene timagula. N'chifukwa chake pa mfundo pamakhala pokhota, pakuti kadiso kanatulukira m'mbali kasanawongoke. Mwini chigubu amaona ngati ali ndi mtengo umodzi, pamene ali ndi iwiri: wapansi wokhala ndi mizu, ndi wapamwamba wobereka zipatso. Ubwino wake ndi wakuti kadisoko kanachokera ku mtengo wokhwima, choncho kamatha kuyamba kubereka m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zipatso zake zimafanana ndendende ndi za kholo lake. Vuto lake ndi lakuti wapansi uja sanafe ndipo sanaiwale kuti nayenso ndi mtengo. Pansi pa khungwa lake pali timaso togona tambiri, ndipo akapeza mpata amatidzutsa.

Kuno kwathu mtundu umene a nazale amakonda kuika pansi ndi wa mandimu okhakhala aja, amene m'mabuku a zaulimi amawatchula kuti rough lemon, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku India. Tonsefe timawadziwa, chifukwa ndi amene amapezeka m'midzi yambiri ndi m'misika: khungu lochindikala la timabampu, njere zambiri, ndi madzi ocheperako poyerekeza ndi kukula kwa chipatsocho. Si oipa ayi, ndipo ambiri a ife tinakulira omwewo. Koma munthu amene walipira ndalama zoonjezera kuti apeze Eureka, mtundu umene unayambira ku California m'zaka za m'ma 1800, wa minga zochepa, khungu losalala ndiponso wotha kubereka pafupifupi chaka chonse, sangakondwe kudikira zaka zingapo kuti pamapeto pake athyole mandimu omwe aja a kuseri kwa khola kumudzi.

Pali malangizo amene amafala kwambiri pa intaneti akuti mphukira ya mtengo wapansi imadziwika ndi masamba ake, chifukwa amakhala atatuatatu pa kaphesi kamodzi. Zimenezi n'zoona pa mitengo imene inakwatitsidwa pa mtundu wina wa ku China wotchedwa trifoliate, kapena pa ana ake monga Carrizo, Troyer ndi Swingle, amene alimi akuluakulu a malalanje ku South Africa amagwiritsa ntchito kwambiri. Koma malangizo amenewa akanandisocheretsa ine, ndipo akhoza kusocheretsa ambiri amene ali ndi mtengo ngati wanga. Eureka sagwirizana bwino ndi mitundu ya masamba atatuatatuyo, moti akakwatitsidwa nayo mfundo imadzafooka pakapita zaka, choncho kawirikawiri amaikidwa pa mandimu okhakhala kapena pa mtundu wina wofanana nawo. Tsono masamba a mandimu okhakhala ndi a Eureka amafanana kwambiri, ndipo ukatikita onse amanunkhira mandimu. Minga zambiri ndi kukula kothamanga n'zizindikiro zothandiza, koma umboni wosatsutsika ndi malo amene nthambiyo yatulukira. Ikatuluka pansi pa mfundo, kaya pa tsinde kaya m'dothi, ndi ya wapansi, ngakhale itakongola chotani.

Chimene chimachititsa kuti mphukira yotereyi ikhale yoopsa n'chakuti ili pafupi ndi mizu ndipo mizuyo ndi yake. Madzi ndi chakudya zikamakwera kuchokera m'dothi zimayamba kufika kwa iyo, popanda kudutsa pa mfundo, ndipo mtundu wake ndi wothamanga kale mwachibadwa. Ikatalika imayambanso kuphimba dzuwa nthambi zenizeni. Pa mtengo waukulu wa m'munda zimenezi zimatenga nthawi kuti zioneke, chifukwa mizu yake imayenda patali kukafuna chakudya. M'chigubu mulibe kopita. Dothi ndi lomwelo la malita osakwana 20, ndipo supuni iliyonse ya chakudya imene mphukira yadya yachoka pakamwa pa mtengo wapamwamba. Ukailekerera kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, wapamwamba amafooka, nthambi zake zimauma imodziimodzi, ndipo tsiku lina umapezeka ukuthirira mtengo umene sunagule. Ndikukhulupirira kuti anthu ena amene amadandaula kuti anawagulitsa mbande yabodza anagula yeniyeni ndithu, koma inamezedwa ndi wantchito wake iwo akuonerera ndi kuyamikira.

Ngakhale ndinamva zonsezi, kudula nthambiyo sikunali kophweka. Inali ndi masamba ambiri kuposa mtengo wonse wotsalawo, ndipo bambo a kunyumba kuno atandiona ndikunola mpeni anandifunsa ngati ndaganiza bwino, popeza ndinkafuna kuchotsa mbali yokhayo imene inkaoneka ya moyo. Ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ndinapukuta mpeni ndi sipiriti n'kuidula. Inagwera pa simenti, yotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo m'chigubu munatsala kamtengo konyozeka, kopendekera mbali imodzi, ka masamba otuwa. Ndinakayang'ana n'kumva chisoni ngati ndameta mwana mpala nthawi yozizira.

Apa ndinalakwitsanso kachiwiri. Poopa kuvulaza tsinde, ndinasiya kachitsa kotalika ngati kachigawo kamodzi ka chala. Patangotha masabata awiri, pa kachitsa paja panatuluka mphukira zitatu m'malo mwa imodzi ija. Chifukwa chake n'chakuti m'munsi mwa nthambi iliyonse muli timaso togona, ndipo ukadula nthambi n'kusiya m'munsi mwakemo, uli ngati wauza timasoto kuti nthawi yawo yakwana. Alimi a fodya amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake akathena amabwereranso m'munda mobwerezabwereza. Kadulidwe koyenera n'kudula pafupi penipeni ndi tsinde, pamene nthambi yayambira, osasiya chitsa komanso osasenda khungwa la tsindelo. Mpeni ukhale wakuthwa kuti udule kamodzi osatafuna, ndipo nthambi ikakhala yolemera ndi bwino kuyamba waifupikitsa kuti isang'ambe khungwa pogwa. Pa balalo sindinapake chilichonse, ngakhale ena amalangiza phulusa kapena penti. Bala laling'ono lodulidwa bwino limauma lokha, bola lisamanyowe nthawi zonse, ndipo langa linatsekeka m'miyezi yochepa.

Kuchokera nthawi imeneyo sindilolanso mphukira kufika pofuna mpeni. Loweruka lililonse m'mawa ndimanjuta pafupi ndi chigubu, kuchizunguliza pang'onopang'ono, n'kuyendetsa chala chachikulu pa tsinde kuyambira pa dothi mpaka pa mfundo. Kamphukira kakadali kanthete, kosakwana chikhadabo, kamachoka ndi kungokatikita, ndipo kachoka motero sikasiya bala looneka komanso sikabwerera msanga ngati kodulidwa. Kamodzi ndinapeza ina itatuluka m'dothi, chapatali pang'ono ndi tsinde, ikuoneka ngati mbande yomera yokha. Nditafukula ndi zala ndinapeza kuti yachokera pa muzu. Yotereyi kuidulira pamwamba pa dothi n'kutaya nthawi, chifukwa imaphukanso. Ndinafukula mpaka pamene inalumikizana ndi muzuwo, kuidula pomwepo, n'kubwezera dothi. Bambo achikulire aja anandiphunzitsanso kukulunga tsinde ndi katoni kapena nyuzipepala yopinda, momasuka, kuyambira pa dothi mpaka pansi pa mfundo, chifukwa timaso tosaona kuwala sitifulumira kudzuka. Njirayi imathandizadi, koma ndimachotsa katoniyo nthawi ndi nthawi kuti ndione ngati nyerere kapena chiswe sizinamangemo, ndipo m'nyengo ya mvula sindiikapo n'komwe poopa kuti khungwa lingawole. Apa ndi pamene ndinamvetsanso ubwino wa mwayi wanga uja wosakwirira tsinde. Mfundo ikakwiriridwa m'dothi sungathenso kusiyanitsa za pansi ndi za pamwamba, komanso matenda owoletsa tsinde amalowa mosavuta.

Pali mtundu wina wa nthambi umene umafuna kuganiza mofatsa, ndipo pa umenewu sindigwirizana ndi amene amati nthambi iliyonse yothamanga ichotsedwe. Mtengo wanga utayamba kuchira, pamwamba pa mfundo panatuluka nthambi ziwiri zowongoka, zonenepa, za masamba akuluakulu, ndipo imodzi inali ndi timinga ngakhale kuti Eureka sakhala ndi minga zambiri. Mtima unagunda poganiza kuti mdani uja wabweranso, koma nditalondola ndi chala ndinapeza kuti zonse zachokera pamwamba pa mfundo, kutanthauza kuti ndi za mtengo wanga weniweni. Nthambi zoterezi zimachedwa kubereka, zimakonda kuthamangira kumwamba, ndipo zikasiyidwa zonse mtengo umakhala wautali, wopanda maonekedwe ndiponso wosavuta kugwetsedwa ndi mphepo. Komabe si zachilendo pa mtengowo, ndipo zikakhwima zimabereka mandimu enieni. Imodzi inatulukira m'kati, ikukhulana ndi nthambi ina, ndipo imeneyo ndinaichotsa yonse. Inayo inatulukira mbali imene mtengo unali wopanda kanthu chichokereni mphukira yaikulu ija, choncho ndinaisiya, ndipo itafika kutalika kwa nthambi zinzake ndinaidula kunsonga, pamwamba pa tsamba loloza kunja. Inatulutsa tinthambi titatu ta m'mbali, ndipo lero mbali imeneyo ndi imene yadzaza bwino kuposa zonse. Pa mtengo waung'ono tsamba lililonse ndi khitchini yake, choncho kupatula mphukira za pansi, nthambi zouma ndi zokhulana, ndimadula mochepa kwambiri.

Ndazindikiranso kuti mphukira sizituluka mwachisawawa. Zimachuluka pamene mtengo wapamwamba wavutika, ngati kuti wapansi waona kuti mnzake akufooka ndipo akukonzekera kudzipulumutsa yekha. Umboni wake ndinauona nditapsereza mtengo ndi feteleza. Tinali ndi Urea wotsala ku munda wa chimanga, ndipo ine pofuna kuti masamba otuwa aja abiriwire msanga ndinathira dzanja lodzaza m'chigubu, dothi lili louma. Urea ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 46 pa 100 alionse, ndipo muyeso umene phando la chimanga m'munda lingaupirire ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene ndinathirawo. Patapita masiku anayi nsonga za masamba zinapsa, ena anayoyoka akadali obiriwira, ndipo ndinapulumutsa mtengowo pothira madzi ambiri mobwerezabwereza kuti mchere wa fetelezayo utsukike n'kutulukira pansi. Masabata otsatira ndinatikita timphukira tambiri pa tsinde kuposa nthawi ina iliyonse. Panopa ndimathira kachivindikiro kamodzi ka botolo pa mwezi, m'mphepete mwa chigubu kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa kale, ndipo m'miyezi yozizira ndimasiya chifukwa mtengo sukula kwenikweni. Feteleza wa chimanga wa 23:21:0+4S alibe potashi, monga mmene 0 uja akusonyezera, pamene mtengo wa zipatso umamufuna, choncho ndimadalira kwambiri manyowa owolerana amene ndimawaza pamwamba kawiri pa chaka. Phulusa la nkhuni lili ndi potashi, koma ndimathira katsinidwe kochepa mwa apo ndi apo, pakuti likachuluka limasintha dothi moti mizu imalephera kutenga ayironi, ndipo masamba atsopano amatuluka achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira.

Madzi nawo amavutitsa mbali zonse ziwiri. Sindithirira potsata kalendala. Ndimalowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri ya chalacho, ndipo ndikamva chinyezi ndimasiya, koma ndikapeza pouma ndimathira mpaka madzi atatulukira pansi. Mu Okutobala, dzuwa likamawotcha simenti ya pakhonde, zimenezi zimatanthauza pafupifupi tsiku lililonse, pamene mu Juni ndi Julayi, makamaka chiperoni chikakuta mzinda, kawiri pa sabata n'kokwanira. Mvula ikamagwa masiku otsatizana mu Januwale ndimakokera chigubu pansi pa denga. Masamba akamachita chikasu n'kumayoyoka dothi lili lonyowa, vuto si njala koma mizu imene ikubanika, ndipo kuthira feteleza pamenepo n'kuonjezera moto. Mipopi ikauma, ana amafuna kuthira madzi otsukira mbale, koma ndinawaletsa chifukwa sopo, mchere ndi mafuta zimaunjikana m'dothi lochepali. Mtengo wa mandimu umafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo pa tsiku, choncho uli kumene dzuwa la m'mawa ndi la masana limafika, koma chigubu chenichenicho ndimachikulunga ndi chiguduli m'nyengo yotentha, popeza pulasitiki akatentha amawotcha mizu ya m'mbali. Pamwamba pa dothi ndimayala udzu wouma, osaugunditsa ku tsinde.

Chifukwa china chochotsera mphukira msanga n'chakuti masamba anthete ndiwo chakudya cha tizilombo. Nsabwe za zomera zimaunjikana kunsonga kwanthete, nyerere zimazisamala pofuna timadzi totsekemera timene zimatulutsa, ndipo timadzi timeneto tikagwera pa masamba pamamera zakuda ngati mwaye. Ndikaona nyerere zikukwera ndi kutsika tsinde ndimadziwa kuti pamwamba pali alendo, ndipo madzi a sopo pang'ono opopera madzulo amandikwanira. Tsiku lina ndinaona chinthu chonga chitosi cha mbalame pa tsamba, chakuda ndi choyera, chonyezimira ngati chachiwisi. Nditati ndichichotse ndi kamtengo chinagwedezeka, n'kutulutsa tinyanga tiwiri kumutu ndi fungo loipa. Inali mbozi ya gulugufe wamkulu uja wa mawanga akuda ndi achikasu amene amakonda kuzungulira mitengo ya malalanje ndi mandimu. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo ziwiri zokha zikhoza kumaliza masamba a kamtengo kakang'ono m'masiku ochepa. Zimenezi ndimangozitola ndi manja. Masamba ena amakhala ndi timizere tasiliva tokhotakhota, ena timatuza tambirimbiri, ndipo onsewo ndi ntchito ya tizilombo timene timaikira mazira pa masamba anthete. Akakhala ochepa ndimawathyola n'kuwataya kutali.

Mchemwali wanga wa ku Zomba uja atamva nkhani yanga anathamangira kukayang'ana mtengo wake, umene anadzala yekha kuchokera ku njere ya ndimu limene anadya, ndipo anandiimbira foni kuti wafufuza tsinde lonse koma mfundo sakuipeza. Ndinamuuza kuti sangaipeze, chifukwa wake ndi mtengo umodzi kuchokera ku mizu mpaka kunsonga. Mphukira za m'munsi pa mtengo wotere si za mlendo, ndipo kuzichotsa n'kongofuna kuti mtengo ukhale ndi thunthu limodzi looneka bwino. Vuto lake iye ndi lina: mtengo wa njere umakhala ndi minga zambiri pa ubwana wake ndipo umatha zaka zambiri usanachite maluwa, makamaka ukakhala m'chidebe. Akamaudula kunsonga pafupipafupi amangouchedwetsa kwambiri, chifukwa maluwa oyamba amabwera pa nthambi zakumwamba zimene zakhwima.

Wanga unachita maluwa koyamba chaka chathachi, kutentha kutangoyamba. Anali oyera m'kati, ofiirira pang'ono kunja, ndipo fungo lake linkafika mpaka kukhitchini madzulo. Tizipatso tambiri tinagwira, tina tinayoyoka tokha monga mmene mandimu amachitira, ndipo pa totsalato ndinathothola tonse kupatula titatu, ngakhale ana anadandaula kwambiri. Nthambi zake zikadali zowonda, ndipo kamtengo kamene kanataya miyezi itatu kudyetsa mlendo sikangasenze katundu wambiri. Mizu yayamba kusuzumira m'mabowo a pansi, choncho mvula ikayandikira ndidzausamutsira mu theka la mgolo limene bambo a kunyumba kuno andilonjeza, ndipo ndidzaonetsetsa kuti mfundo yakhala pamwamba pa dothi monga ilili panopa. Mandimu atatu aja tsopano ndi aakulu ngati mazira a nkhuku, akadali obiriwira, khungu lake losalala. Loweruka lapitali bambo achikulire aja anadutsa pamene ndinali chinjutire pafupi ndi chigubu, ndipo anandifunsa ngati wantchito uja akadali ndi mwano. Ndinawaonetsa chala changa chachikulu, chimene chinali ndi kamphukira kobiriwira, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kamene ndinali nditangokachotsa kumene pansi pa mfundo.